Mtima wa a Chidindo

Matenda a mtima anawapeza a Chidindo pa ukwati wa mng'ono wawo, zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, atanyamula kireti ya zakumwa. Kunali kotentha, tayi anali atamanga ngati akumanga mbuzi yothawathawa, ndipo chidzukireni anali asanalawe kanthu poopa kudontheza pamalaya. Anangoona mdima, kireti uko, iwo uku. Potsitsimuka anapezeka atagonekedwa pabenchi, akazi awo akuwakupiza ndi chivundikiro cha katoni, ndipo mayi wina amene ankamveka kuti anagwirako ntchito kuchipatala, ngakhale palibe ankadziwa kuti ntchito yanji, anawagwira pamkono n'kupukusa mutu.

"Bambo awa muziwasamala," anatero mayiyo. "Umenewu ndi mtima."

Ndipo anasamalidwadi. Kuchokera tsiku limenelo a Chidindo sananyamulenso chinthu cholemera kuposa nyuzipepala. Mpando wofewa wa pabalaza, umene kale unali wa aliyense woyamba kufika, unakhala wawo. Ana anaphunzira kutseka zitseko ngati akuba. Nkhani zoipa zinkadikira kuti bambo adye kaye, ndipo zina zinkadikira mpaka kuzizira zokha. Mkangano ukafika poti agonja, ankangoika dzanja pachifuwa, akazi awo n'kumeza mawu otsalawo kupita kukatunga madzi akumwa. Denga likadontha ankakwera ndi alamu awo. Achibale akamasamuka, iwo ankaima pamthunzi n'kumalangiza mbali yoti kabati ilowere.

Tisawanamizire, bodzali sanachite kulikonza. Miyezi yoyamba ankakhulupirira ndithu kuti ali pamzere wopita. Koma chaka chitatha anazindikira kuti pachifuwapo palibe chikuchitika, ndipo anaona kuti kulengeza zimenezi kungasokoneze dongosolo la pakhomo, lomwe linali litakhazikika bwino kwambiri. Munthu wa muofesi amadziwa kuti fayilo ikatsekedwa suitsegulanso popanda wina kukulembera kalata.

Dzina la Chidindo analitengera kuntchito. Anali mkulu wa chipinda chosungira mafayilo mu ofesi ina ya nsanjika zisanu, chipinda cha pansi penipeni, chonunkha mapepala akale, chimene dzuwa linkangochisuzumira n'kupitirira. Chidindo cha ofesi yonse chinkakhala m'thumba la jekete lawo, chokulungidwa m'kansalu. Kalata iliyonse yotuluka inkayenera kudindidwa, ndipo iwo sankalola kuti dzanja lina lichikhudze. Sankalolanso kuti makalata azitsikira kwa iwo. Ankati kalata ikamayenda m'manja ambiri imasochera, koma chimene sankanena n'chakuti munthu wongokhala pansi mabwana samuona. Ndiye foni ikalira kuti kumwamba kuli kalata, ankamanga mabatani a jekete, n'kukwera. Chikepe chinafa kalekale. Pachitseko chake panali pepala lopepesa anthu chifukwa cha vuto la kanthawi kochepa, ndipo pepalalo linali litayamba kufiira, koma chidindo chinkaonekabe bwino.

Akazi awo anali telala. Anali ndi kashopu kuseri kwa siteji ya mabasi, pakati pa wometa tsitsi ndi wokonza mawotchi, ndipo ankasoka mayunifolomu a masukulu atatu. Nsalu ankakatenga okha kusitolo yaikulu ya kumsewu wa kumtunda, mpukutu umodzi pamutu, wina m'khwapa. Mutu unkawawawa pafupipafupi, iwo n'kumati ndi ulusi wakuda, umatopetsa maso.

Iwowa ndi amene anabwera ndi nkhani ya kafukufuku. Anafika madzulo ena ali ndi kathonje pamkono, nkhope ili ngwee ngati munthu wochokera kokatenga mphatso. Anati pamzere wa mashopu panabwera madokotala a ku yunivesite. Madokotala, anafotokoza motero, ali ndi masamu awo olosera ngati munthu angadzadwale mtima m'zaka khumi zikubwerazi. Amatenga zaka zako, kuthamanga kwa magazi, mafuta a m'magazi, ngati umasuta, amasakaniza, n'kutulutsa nambala. Koma masamuwo anapangidwa poyeza anthu a kumayiko akutali, odya zina, okhala mwina. Ndiye awa akhala zaka zambiri akutsatira anthu a konkuno, apanga masamu atsopano, ndipo tsopano akuwayesa pa magulu osiyanasiyana: atelala ndi ogulitsa malonda, madalaivala, onyamula katundu, ndi a m'maofesi.

"Ine ndamva msanga," anatero mayiwo akuvula nsapato. "Zili ngati kumusokera munthu suti ndi miyeso ya m'bale wake wa kunja. Amavala ndithu, koma akakweza mkono imang'ambika."

A Chidindo anati nkhaniyo ndi yabwino kwa anthu a m'mashopu.

Ayi, anatero akazi awo, ndi yabwino kwa a Chidindo eni ake. Anali atafunsa kale, ndipo ofesi ya a Chidindo inali pamndandanda wa sabata yamawa. Zaka zonsezi akhala akukana kupita kuchipatala ati mzere ungawatopetse, lero chipatala chadzuka chokha kuwalondola. Mulungu sagona.

A Chidindo anaika dzanja pachifuwa. Kwa zaka zisanu ndi zinayi dzanja limenelo linali lisanawagwiritsepo mwala.

"Mwaonatu," anatero akazi awo. "N'chimenecho akachione."

Kalata yolengeza kafukufukuyo kuofesi anaidinda okha. Inkanena momveka kuti kulowa n'kufuna kwa munthu, palibe wokakamizidwa. Koma bwana wamkulu analembetsa dzina lawo poyamba, ndipo kufuna kwa munthu kunathera pomwepo.

Kutatsala tsiku limodzi, a Chidindo anapita kukacheza ndi dalaivala wa bwana, munthu wa bipi yeniyeni, wa mapilisi m'thumba la malaya. Anamufunsa mozungulira, ngati wofuna kupewa, kuti chimakweza magazi n'chiyani. Dalaivala anawerenga ndi zala: mchere, khofi, apongozi, ndi kuthamanga. Mchere ndi khofi zinagwa zokha, chifukwa ofufuza anati aliyense abwere asanadye. Apongozi anamwalira. Kunatsala kuthamanga.

Kuyeza kunkachitikira m'chipinda cha misonkhano, pansanjika yomaliza. M'mawa umenewo a Chidindo anakwera masitepe onse, n'kutsika, n'kukweranso, katatu konse, akulumpha sitepe imodzi imodzi pomwe panalibe wowaona. Anafika pakhomo akupumira m'mwamba pang'ono, ndipo pang'onopo anawonjezerapo okha. Namwino, mayi wa manja akuluakulu amene ankaoneka kuti anaonapo zambiri, anawalozera mpando n'kuwauza kuti akhale phee mphindi khumi, osalankhula, osapingasa miyendo. A Chidindo anakhala akumva ntchito yawo yonse ikutsika m'thupi ngati madzi m'sinki. Anayesa kukumbukira zinthu zokwiyitsa. Anakumbukira kalaliki wina amene anaboola fayilo mbali yolakwika. Sizinakwane.

Namwino anawayeza katatu, n'kuyang'ana makina, n'kuwayang'ana iwo.

"Ngati a mnyamata wa mpira," anatero.

A Chidindo anapempha kuti ayeze mkono winawo, chifukwa umenewu ndi wodindira, unazolowera. Namwino anayeza winawo. Unalankhula zomwezo.

Atawatenga magazi ndi kuwazunguliza tepi pamimba, anawatumiza kwa dokotala, amene anakhala kumapeto kwa tebulo lalitali, pampando wa bwana wamkulu, osadziwa n'komwe kuti walakwa. Anali mayi wochepa thupi, wa magalasi ndi nsapato zafulati, ndipo ankafunsa mafunso ndi mawu amodzimodzi ngati akuwerenga mita ya madzi.

Fodya? A Chidindo analakalaka kuvomera, koma ofesi yonse inkadziwa kuti ndi iwo analembera kalata yoletsa kusuta pafupi ndi mafayilo. Anati anasiya. Atafunsidwa kuti liti, zinapezeka kuti anasuta ndudu imodzi kuseri kwa chimbudzi cha sukulu, n'kusanza. Makolo? Bambo awo anali moyo, okalamba mpaka kuiwala chaka chobadwa, ndipo mwezi wathawo anali atathamangitsa woyandikana naye nyumba pa nkhani ya mpanda. A Chidindo anati bambowo amadandauladandaula. Nanga masewera olimbitsa thupi, kuyenda, kuthamanga?

Apa anawongola jekete.

"Adokotala, ine ndine mkulu wa chigawo. Sindithamanga, sindiyenda. Ndimagwira ntchito."

Dokotala analemba. Kenaka anafunsa ngati ali ndi matenda ena alionse odziwika, ndipo a Chidindo anatsitsa mawu n'kunena kuti ali ndi mtima.

"Anakuuzani ndi dokotala wa kuti?"

"Wa pa ukwati."

Zimenezinso analemba, osasintha nkhope. Atalowetsa manambala m'kompyuta, anawafotokozera kuti pakadali pano angowapatsa za masamu akale aja, chifukwa atsopano akudikira magazi ndi zina. Masamu akalewo, anatero, akaona mwamuna wa zaka makumi asanu ndi zisanu ndi kamimba, amathamangira kumuopseza, ndiye asazitengere pamtima. Malinga ndi masamuwo, pa amuna zana onga iwo, makumi awiri angadzadwale mtima m'zaka khumi.

Pa mawu onsewo a Chidindo anamvapo awiri: makumi awiri. Anapempha kuti awalembere papepala ndi kusayina. Dokotala anazengereza, kenaka analemba, n'kuwonjezera pansi kuti izi n'zongoyembekezera. A Chidindo anatulutsa kansalu m'thumba, anapumira mpweya pachidindo, n'kudinda pamwamba penipeni pa mawu owonjezerawo.

Pepalalo linachita ntchito kunyumba. Akazi awo analiwerenga ataimirira, n'kuliwerenganso atakhala pansi, kenaka analiika m'kabati ya magalasi, pafupi ndi mbale za alendo. Tsiku lomwelo pampando wofewa panawonjezeka pilo.

Panatsala kachipangizo. Aliyense wolowa kafukufukuyo anapatsidwa kabokosi konga ka machesi, komangirira palamba, koti azikavala masiku asanu ndi awiri. Kankawerenga mapazi amene munthu waponda ndi masitepe amene wakwera. A Chidindo anatsimikiza kuti sabata imeneyo asuntha pang'ono zedi. Kunyumba panalibe chochepetsa, anali atafika kale pamapeto. Anaganizako zokasiya kachipangizoko m'dirowa la kuofesi, koma anali atakasayinira, ndipo katundu wosayinira sasiyana ndi thupi la wosayinayo. Komanso sanaone vuto. Kuofesi sayenda, amagwira ntchito.

Inali sabata yotumiza makalata osamutsa anthu m'maofesi a nthambi. Foni inkalira asanakhale n'komwe. Kalata pansanjika yachitatu, ziwiri pa yachisanu, ina ya bwana wamkulu imene inalembedwa molakwika kanayi ndipo inadindidwa kanayi. A Chidindo ankakwera ndi kutsika, chidindo m'thumba, kabokosi palamba kali zii, kakuwerenga.

Zotsatira zinabwera patatha masabata atatu, Lachitatu, ndipo aliyense ankalowa yekha. Dokotala uja anawalandira ataimirira, akumwetulira, zimene a Chidindo sanazikonde. Anatembenuza kompyuta kuti aone. Panali chithunzi cha mizere yokwera ndi kutsika ngati mano a sowo.

Anati poyamba ankaganiza kuti kachipangizo kawonongeka, mpaka anakatumiza kukayesedwa. Kenaka ankaganiza kuti a Chidindo anakabwereketsa kwa munthu wina, monga anachitira bwana wina amene anamangirira kake pa galu. Koma atafunsa mlonda wa pakhomo, mlonda anaseka n'kunena kuti amenewo ndi a Chidindo enieni, masitepe a nyumba ino anatha ndi iwo.

"Pa anthu onse a m'maofesi amene tayeza, inu ndinu oyamba, wobwera pambuyo panu sakuoneka n'komwe," anatero dokotala. "Madalaivala mwawasiya kutali. Amene mukulimbana nawo ndi onyamula katundu a pamsika."

A Chidindo anamva ngati awathira madzi a mopu. Zaka makumi atatu za utumiki, jekete, tayi, n'kukathera gulu limodzi ndi onyamula matumba.

Dokotala anapitiriza mosangalala. Magazi ali bwino, shuga ali bwino, mtima ukugunda mwaulemu. Masamu atsopano, opangidwa pa anthu a konkuno ndipo owerengera kuyenda kwa munthu, akupereka anayi pa zana. Anapemphanso chilolezo choti chithunzi chija, popanda dzina, akachionetse kumsonkhano wa ofufuza, monga umboni woti munthu ukamufunsa ngati amayenda, usamukhulupirire.

A Chidindo anafunsa ngati zotsatirazi munthu angachite apilo. Dokotala anati ayi. Anafunsa ngati nambala yakale ija ikugwirabe ntchito mpaka itafafanizidwa ndi kalata. Dokotala anavula magalasi n'kuwayang'ana bwinobwino.

"Bambo, anthu akamva zimenezi amandigwira chanza. Anayi si ziro, kamimbako kachepe, ndipo muzibwera kudzayezetsa chaka ndi chaka. Koma mtima wodwala ine sindikuuona. Tsiku la ukwatilo munadya?"

"Ayi."

"Kunkatentha?"

A Chidindo anatenga envelopu yawo n'kutsika. Anafika pansi osapuma ngakhale kamodzi, ndipo kwa nthawi yoyamba anaziona. Envelopuyo anailowetsa m'fayilo ya matayala a galimoto imene inagulitsidwa kalekale, pashelefu ya pamwamba, pomwe ngakhale mbewa zinkafika mwa apo ndi apo.

Kunyumba anati madokotala akuunikabe, nkhani yake ndi yovuta. Anafunsa akazi awo za zawo, pongokwaniritsa mwambo, ndipo mayiwo anayankha msanga kuti zili bwinobwino, n'kufunsa ngati tiyi wafika shuga. A Chidindo anapuma. Pakadafunda padajiwitsa galu, koma iwo anaona kuti pafundabe mokwanira.

Loweruka m'mawa kunabwera alamu awo aja a padenga, mchimwene wa akazi awo, bambo wochepa thupi wokonza mipope. Anapeza a Chidindo ali pampando, nyuzipepala pankhope, ndipo anadutsa chonyang'ama kupita kukhitchini. Anthu a m'nyumbamo sankadziwa kuti zaka zisanu ndi zinayi za manong'onong'o zinali zitanola makutu a a Chidindo mpaka ankamva supuni ikagwera pa thaulo.

Anamva akazi awo akuuza mchimwene wawo zimene sanawauze iwo. Magazi awo ankathamanga kwambiri, mwina kwa zaka, ndipo mutu uja sunali wa ulusi. Masamu akale ankati mkazi wosasuta ngati iwo alibe nkhawa, atatu pa zana. Atsopano, ataona magaziwo ndi sitiroko imene inatenga mayi awo, anati khumi ndi asanu. Anawapatsa mapilisi ndi kalata ya kuchipatala, anawaletsa mchere ndi kupsa mtima, ndipo anati mpaka magazi atatsika asanyamule zolemera.

Alamu anati ndiye awauze amuna awo.

"Achimwene, mukufuna ndiwaphe? Munthu ali kale ndi makumi awiri ake m'kabatimo."

Alamu anati nanga nsalu za lero, mipukutu inayi ija? Iwo sakanatha kuthandiza, kunali mpope wophulika umene unkawadikira.

"Ndipita kawiri. Iwo makumi awiri, ine khumi ndi asanu okha. Wonyamula ndi ine, masamu ake ndi omveka."

Pansi pa nyuzipepala a Chidindo anatsegula maso. Anayamba kuisanthula nkhaniyo monga ankachitira ndi kalata yovuta, kufunafuna ofesi ina yoti aitumizeko. Sanaipeze. Anamva akazi awo akukhala pakampando ka m'khitchini kuti avale nsapato, ndipo anamva mpweya umene anautulutsa powerama, wautali, wolemera. Mpweya umenewo anali ataumva m'mawa uliwonse kwa zaka zambiri, ndipo nthawi zonse ankauika m'gulu la phokoso la nsapato.

Anapinda nyuzipepala, anaimirira, n'kukaima pakhomo la khitchini atagwira manja kumbuyo.

"Mayi, pali kalata imene inachedwa kufika pakhomo pano. Ine mtima ndilibe. Ndiye kuti ndili nawo, koma ndi wabwino. Anayi pa zana. Nsaluzo ndikatenga ndine."

Akazi awo anawayang'ana, maso n'kulengeza misozi. Anati ndiye kuti amuna awo amva zonse, ndi zimene ankaopazo. Anawagwira pamkono n'kuyamba kuwabwezera kumpando, akuwauza kuti ndi mwamuna wabwino, koma asadzipereke nsembe chifukwa cha mayunifolomu. A Chidindo anati akunena zoona, kalata ilipo. Ili kuti? Kuofesi, m'fayilo ya matayala, ndipo Loweruka ofesi ndi yotseka. Alamu anatsegula kabati ya magalasi, anatulutsa pepala lija n'kuliwerenga mokweza, kenaka analoza pansi pake.

"Alamu, ichi si chidindo chanu? Inu munadindapo bodza chiyambire?"

Funso limenelo linalibe yankho labwino mbali zonse ziwiri. A Chidindo anayang'ana uku ndi uku kufuna umboni. M'khitchinimo munalibe cholemera chooneka, kupatula alamuwo. Anawagwira m'chiuno, anawanyamula ndi chikwama chawo cha zitsulo chomwe, anayenda nawo mpaka pabalaza, anazungulira tebulo kamodzi, n'kuwakhazika pamwamba pake. Kenaka anaima, akupuma ngati munthu amene wangotsegula windo.

Akazi awo anatsamira chitseko. Ankaoneka ngati akuyeza nsalu m'mutu, kutalika ndi m'lifupi.

"Kuyambira liti?"

"Zotsatira zinatuluka Lachitatu."

"Sindikufunsa zotsatira."

A Chidindo anayang'ana pansi. Dzanja linayamba lokha ulendo wopita pachifuwa, linafika pa batani lachiwiri, n'kubwerera.

"Chaka chachiwiri," anatero. "Chakumayambiriro."

Ali patebulo pomwepo, alamu ananena motsitsa kuti denga lija anakwera kasanu ndi kamodzi, ndipo ulendo wina anatsika opanda makwerero.

A Chidindo anadikira mkuntho. Anali okonzeka, ndipo mumtima ankaona kuti kukalipiridwa kwa ola limodzi ndi mtengo wabwino. Koma akazi awo anangopita kukhitchini, anatunga madzi, anameza piritsi lawo, n'kutsuka kapu.

"Adokotala anandiletsa kupsa mtima kwambiri nthawi imodzi," anatero pobwerera. "Ndiye ndizipsa pang'onopang'ono, m'mawa ndi madzulo, ngati mankhwala. Valani nsapato."

Kusitolo yaikulu anawasenzetsa mipukutu iwiri, wabuluu paphewa ili, wotuwa paphewa linalo. Kulemera sikunali vuto, ndipo zimenezo zinawawawa mwa njira yakeyake. Vuto linali msewu. Anthu onse a m'derali ankaudziwa mtima wa a Chidindo. Ena anaupemphererapo, ena anausiyirapo malo m'basi. Asanayende mapazi makumi awiri, mayi wogulitsa zipatso anasiya benchi lake n'kuthamanga kudzawalanda mpukutu, akukalipira akazi awo kuti alibe chisoni, akufuna kukhala wamasiye adakali ndi mano onse.

"Afunseni eni ake," anatero mayi telala.

Ndipo a Chidindo, nsalu zili paphewa, anafotokoza. Anafotokozanso kwa wokonza nsapato, kwa mkulu wa kwaya, kwa amayi awiri ochokera kuchigayo amene sanafunse koma anaima. Poyamba ankayambira patali, pa masamu a kumayiko akutali ndi kusiyana kwa magulu a anthu, mpaka zinkamveka ngati iwo ndi amene anatsogolera kafukufukuyo. Koma nthawi iliyonse akazi awo ankadikira amalize, n'kufunsa mofatsa kuti, kuyambira liti? Pofika pa siteji ya mabasi nkhaniyo inali itafupika. Ankangoti, "Ndili bwino, ndinali bwino kale," n'kupitirira.

Mayiwo ankayenda pambuyo, opanda kanthu pamutu, opanda kanthu m'khwapa. Manja ankawasowetsa mtendere. Anayesa kuwapinda, anayesa kuwagwira kumbuyo, kenaka anagula nthochi imodzi n'kumadya akuyenda, pang'onopang'ono, akuyang'ana m'mawindo a masitolo amene anawadutsa zaka zonsezi osadziwa kuti amagulitsa chiyani.

Pakashopu, a Chidindo anatsitsa mipukutu ija n'kuiimika pakona pomwe anawalozera. Wometa tsitsi, amene anaonerera zonse ali pakhomo pake, lumo m'manja, anadikira kuti mayi telala alowe mkati. Kenaka anasendera pafupi. Anali bambo wonenepa bwino, wodziwika pamzere wonsewo kuti ali ndi msana, moti madzi a m'shopu mwake ankatunga ndi akazi ake.

"Akulu," ananong'ona, akuyang'ana kumbuyo, "madokotala amenewa ndi a mtima wokha, kapena a msana nawonso akubwera?"

A Chidindo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mwa munthu amene wadutsa kale pa ofesi imeneyo. Anali pafupi kumulangiza, koma mkati makina osokera anali atayamba kale kulira, ndipo pamwamba pa phokosolo panamveka mawu a akazi awo, osakweza, owakumbutsa kuti kusitolo kwatsala iwiri ndipo amatseka masana.